Musanagule Choziziritsira Chatsopano, Yezani Kaye

Ana anga, inu amene mumakhalira pa kompyuta usana ndi usiku, ena mukukonza makanema a maukwati, ena mukujambula nyimbo, ena mukusewera magemu kapena kukonzera anthu makina awo pa kashopu ka m'tauni, ndili ndi mawu pa nkhani imene mumakonda kundifunsa. Wina amaika pulogalamu yoonetsa kutentha kwa purosesa, amaona nambala ya 85, mtima n'kungoti myuu, mawa lake ali kale m'mashopu kufunsa mtengo wa choziziritsira chachikulu, chija ogulitsa amati cooler. Amabwera ndi funso lakuti: kodi ndisinthe kuti madigiri atsike? Yankho langa ndi ili: musagule chifukwa choti nambala yakuopsani. Gulani pokhapokha mutayeza n'kupeza kuti kutenthako kukukuchedwetserani ntchito, kapena phokoso la fani likukusowetsani mtendere, ndipo mwayesa kale njira zosalira ndalama koma zakanika.

Tiyambire kumene kutentha kumachokera. Magetsi onse amene purosesa imadya amasanduka kutentha. Ikamakoka mawati 65, ndiye kuti ikutulutsa kutentha kwa mawati 65, ndipo konseko kukutulukira pa kachidutswa kakang'ono ka silikoni kobisika pansi pa chivundikiro chachitsulo chija mumachiona. Koma mapurosesa sadya mofanana. Ryzen 5 5600 ya AMD ndi Core i5-12400 ya Intel anazilemba mawati 65, ndipo zonse zimabwera ndi choziziritsira chake m'katoni, chimene opanga anachiyeza kuti chikukwanira. Core i9-13900K imatha kukoka mawati 253 ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse, ndipo m'katoni mwake simupeza choziziritsira, poti chaching'ono sichingaigwire. Ndiye mukamva mnyamata wa pa YouTube akunyoza choziziritsira cha m'katoni, yambani mwafunsa kuti iye ali ndi purosesa yanji, nanga inu muli ndi yanji.

Mantha anuwo ali ndi kochokera, sindikuwapeputsa. Kale kutentha kunkaphadi purosesa. M'zaka za m'ma 1980 purosesa ngati Intel 386 inkagwira ntchito ili pamtetete, yopanda fani, chifukwa inkadya magetsi ochepa. Pentium itabwera mu 1993 choziziritsira chinakhala chosapeweka, ndipo chaka ndi chaka njala ya magetsi inkangokulirakulira. Mu 2001 akatswiri a Tom's Hardware anajambula kanema amene anafala kwambiri. Ankachotsa choziziritsira gemu ili mkati. Athlon ya AMD inafuka utsi m'kamphindi, pamene Pentium 4 inangochepetsa liwiro n'kupulumuka. Nkhani ngati zimenezi zakhala zikuyenda kuchokera kwa akulu kupita kwa ana mpaka lero. Koma mapurosesa a masiku ano, a Intel ndi a AMD omwe, amadziyeza okha kutentha m'kati mwawo. Akafika pa malire amene anawaikira amadzichepetsera liwiro ndi magetsi, ndipo zikapitirirabe amazimitsa kompyuta asanapse.

Malire amenewa ndi okwera kuposa mmene ambiri mumaganizira. Mapurosesa ambiri a Intel a makompyuta a pa desiki amalekezera pa madigiri 100. A Ryzen ambiri amalekezera pa 95, ena pa 90 kapena cha pompo. Ryzen 7000 itatuluka mu 2022 anthu anadandaula kuona madigiri 95, ndipo AMD inafotokoza poyera kuti inapangidwa dala kuti pa ntchito yolemera izithamanga mpaka kufika pamenepo n'kukhazikika. Ifeyo thupi likafika madigiri 40 timathamangira kuchipatala, n'chifukwa chake 85 imatiimitsa mutu. Koma kumbukirani zimene amachita kuchipatalako. Munthu ukafika thupi litatentha sakupatsa mankhwala a malungo pomwepo. Amayamba akubaya chala kuti aone ngati alidi malungo. Inunso chitani chimodzimodzi ndi makina anu. Kutentha ndi chizindikiro chabe, matenda ake muyenera kuwapeza.

Kuyeza kwake sikulira ndalama. Pali mapulogalamu aulere monga HWiNFO, HWMonitor ndi Core Temp. Yatsani kompyuta, isiyeni kaye osaigwiritsa ntchito, muone pamene madigiri akhazikika. Pakati pa 30 ndi 50 palibe chodetsa nkhawa. Kenako ipatseni ntchito yeniyeni imene mumagwira: tulutsani kanema amene mwakonza, sewerani gemu yanu, kapena yendetsani pulogalamu yoyesera ya Cinebench kwa mphindi 10 kapena 15. Musangoyang'ana nambala yapamwamba imene yaoneka kamodzi, chifukwa mapurosesa a lero amadumpha madigiri ambiri m'kanthawi kochepa mukangotsegula pulogalamu, kenako n'kutsikanso. Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, pamene kutentha kwakhazikika ntchito ili mkati. Chachiwiri, ngati liwiro likutsika pamene kutentha kwagunda malire. HWiNFO ili ndi mzere wolembedwa kuti thermal throttling umene umakuuzani zimenezi. Ngati ikukhala pa 75 kapena 80 ndipo liwiro silikutsika, kompyuta yanu ili bwino. Ndalama zanu sungani.

Poyeza musaiwale chipinda chimene mwakhalamo. Palibe choziziritsira cha fani kapena cha madzi chimene chingatsitse purosesa kupitirira mpweya umene chikukoka. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10, purosesa nayo ikwera ndi pafupifupi 10 omwewo. Amene amayeza zoziziritsira ku Ulaya ndi ku America nthawi zambiri amakhala m'zipinda zozizira, za madigiri cha m'ma 20. Inu mwina muli ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, kumene kunja kumapitirira madigiri 40, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Mnzanu wa ku Dedza akakutumizirani chithunzi cha madigiri ake mu Juni, musadzimvere chisoni. Mukupikisana ndi nyengo. Nthawi yabwino yoyeza ndi masana a mwezi wotentha, chifukwa makina akapirira pamenepo apirira chaka chonse. Ndipo nthawi zina kutsegula zenera, kuchotsa kompyuta padzuwa, kapena kusiya ntchito yolemera kuti muigwire usiku kumatsitsa madigiri kuposa chitsulo chimene mumafuna kugula.

Tinene kuti mwayeza ndipo mwapezadi kuti ikugunda malire, liwiro likutsika. Musapitebe kushopu. Choyamba ndi fumbi. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, tsegulani bokosi, muunike ndi tochi pakati pa fani ndi timalata ta choziziritsira. Kwathu kuno, makamaka chilimwe chikakhwima, mupeza fumbi lofiirira litalukana ndi ulusi wa nsalu ndi tsitsi, litatseka timipata tonse moti mukhoza kulisenda ndi chala likutuluka lathunthu. Fani imakhala ikuzungulira ndithu, phokoso likumveka, koma mpweya sukudutsa. Pena mupeza mphemvu zitamanga mudzi pakona, pena nalimata atauma pafupi ndi power supply. Choziziritsira cha mtengo wapatali chikatsekeka chonchi chimagonja kwa chotchipa choyera. Makompyuta ambiri amene amabwera kwa okonza akuzimazima okha amachira ndi burashi basi.

Poyeretsa pali mwambo wake. Tulutsani bokosi panja. Musanagwire za m'kati khudzani kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu asakaononge tizipangizo. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukuuzira ndi bulowa, chifukwa ikazungulira mopitirira muyeso imatha kuonongeka pakati pake n'kuyamba kulira. Fumbi lokakamira lichotseni ndi burashi youma yopentera. Musauzire ndi pakamwa, malovu amagwera pa motherboard. Mukatha, musabwezere bokosi pansi pa simenti pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Liikeni pa tebulo kapena pa kabenchi. Chitani zimenezi kawiri pa chaka, ndipo ngati shopu yanu ili m'mbali mwa msewu wafumbi, kawirikawiri kuposa apo.

Chachiwiri ndi thermal paste, kaphala kotuwa kamene kamakhala pakati pa purosesa ndi choziziritsira. Zitsulo ziwirizi zimaoneka zosalala, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso mmene mumatsalira mpweya, ndipo mpweya sudutsitsa kutentha. Mkuwa umadutsitsa kuposa mpweya maulendo oposa 10,000. Ntchito ya kaphalako ndi kutseka timaenjeto, basi. Pakapita zaka kamauma n'kung'aluka, makamaka m'makompyuta a kaunjika amene anagwira kale ntchito m'maofesi a kunja asanafike kuno. Pukutani kakaleko ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kosasiya ulusi, ikani kadontho kamodzi pakati, kukula kwake ngati njere ya nandolo, kenako khazikani choziziritsira chikafalitse chokha. Kachubu kamodzi ka Arctic MX-4 kapena kena kodalirika kamakwanira makina angapo. Amene angakuuzeni kuti mankhwala otsukira mano amagwira ntchito yomweyo, mukaneni. Ali ndi madzi, amauma msanga, ndipo mubwerera pomwe munali.

Pa ntchito imeneyi dekhani, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati purosesa yanu ndi ya AMD ya soketi ya AM4, yatsani makina kwa mphindi zingapo musanayambe kuti phala lifewe, ndipo pochotsa choziziritsira muchipotoze pang'ono uku ndi uku. Mukachikoka ndi mphamvu chimatha kuzuka ndi purosesa yomwe, timiyendo take n'kupindika. Ngati ndi choziziritsira cha m'katoni cha Intel, chija cha timapini tinayi tokanikiza, onetsetsani kuti tonse tinayi talowa. Kamodzi kakangofwamphuka, madigiri amathamangira ku 100 makina atangoyaka. Pomanga masikuluwu musamalize limodzi kenako lina. Mangani pang'onopang'ono mopingasa, ngodya iyi kenako yoyang'anizana nayo, kuti chikhale mofanana. Ndipo ngati choziziritsira n'chatsopano, yang'anani kunsi kwake. Pamakhala kapulasitiki koonekera kotetezera mkuwa, ndipo anthu ambiri amaiwala kukamatula, kenako n'kumadandaula kuti anawagulitsa chinthu chabodza.

Chachitatu ndi kayendedwe ka mpweya m'bokosi. Choziziritsira sichitulutsa kutentha panja. Chimangokuchotsa pa purosesa n'kukutayira m'bokosi momwemo. Ngati mulibe fani yokoka mpweya wozizira kutsogolo ndi ina yotulutsa wotentha kumbuyo, chizingopuma mpweya wake womwe. Mabokosi ena okongola, a galasi kutsogolo, amatsamwitsa makina. Matebulo ena a kompyuta ali ndi kakabati kotseka koikamo bokosi, ndipo mmenemo mumasanduka ng'anjo. Kuyesa kwake n'kosavuta: chotsani chitseko cham'mbali, bwerezani ntchito ija munayezera. Madigiri akatsika kwambiri, vuto ndi bokosi, ndipo fani imodzi kapena ziwiri za mamilimita 120 zithetsa nkhaniyo pa mtengo wochepa. Onaninso kumene mafani aloza. Mbali imene kuli timitanda togwira mota ndiyo kumene mpweya umatulukira, ndipo si zachilendo kupeza mafani onse akuuzira m'kati kapena onse akutulutsa.

Chachinayi chili mu BIOS. Popeza kutentha kumachokera ku magetsi, njira yachidule yochepetsera kutentha ndiyo kuchepetsa magetsiwo. Ma motherboard ena amabwera atamasulira purosesa kuti izikoka mawati ochuluka kuposa amene opanga purosesayo analangiza, pofuna kuoneka othamanga. Kubwezera malire pa mlingo wake kumatsitsa madigiri kwambiri pamene liwiro latsika pang'ono chabe. AMD ili ndi Eco Mode, imene imatha kutsitsa Ryzen 9 7950X kuchoka pa mawati 170 kufika pa 105 kapena 65. Kumbukiraninso zimene zinachitika mu 2024, pamene mapurosesa ena a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 ankasokonekera n'kumaonongeka. Intel inapeza kuti ankalandira voteji yopitirira muyeso, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Amene akanathamangira kugula choziziritsira chachikulu sakanachiritsa kanthu. Ngati muli ndi purosesa ya m'gulu limenelo, BIOS yatsopano ikhale yoyamba; ingoonetsetsani kuti magetsi sazima muli mkati moiika.

Tsono ilipo nthawi yoyenera kugula, ndipo ikafika musaumire. Ngati mwayeretsa, mwasintha phala, mpweya ukuyenda, koma pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku purosesa ikugundabe malire n'kumatsitsa liwiro, choziziritsira chanu chachepadi. Kwa munthu amene amatulutsa makanema a maola awiri kasitomala akudikira, nthawi yotayikayo ndi ndalama, ndipo choziziritsira chabwino chidzibweza chokha. Ngati mwasintha purosesa n'kuika ina yamphamvu, musaikhazike pansi pa kachoziziritsira ka yakale ija. Ndipo ngati mumajambula mawu m'chipinda chomwecho, phokoso palokha ndi chifukwa chokwanira. Fani yaing'ono iyenera kuzungulira mothamanga kuti ikankhe mpweya wokwanira, ndiye imalira mpaka kulowa mu maikolofoni. Yaikulu imakankha mpweya womwewo ikuyenda pang'onopang'ono, mwakachetechete.

Mukaganiza zogula, kwa ambiri a inu ndikulangiza choziziritsira cha mpweya, chija choimirira ngati nsanja. Mphamvu yake ili m'timapaipi ta mkuwa timene mumationa tikukwera kuchokera pansi. Timapaipi timeneti n'totseka mbali zonse, mpweya anauchotsamo n'kusiyamo madzi pang'ono. Madziwo akatenthedwa pa purosesa amasanduka nthunzi, nthunzi imathamangira kumtunda kumene kuli timalata ta aluminiyamu, fani ikauzira imabwerera kukhala madzi n'kutsikanso. Zimenezi zimachitika zokha, popanda pampu, moti chinthu chokhacho chimene chingafe ndi fani, ndipo fani imapezeka paliponse. Hyper 212 ya Cooler Master yatumikira anthu kwa zaka zambiri. Peerless Assassin 120 ya Thermalright inatchuka chifukwa chogwira ntchito ya zodula pa mtengo wotsika. NH-D15 ya Noctua, kampani ya ku Austria, ndi yapamwamba, koma purosesa ya mawati 65 siifuna.

Musanapereke ndalama funsani, poti safunsa anadya phula. Dziwani soketi yanu, kaya ndi AM4, AM5, LGA1200 kapena LGA1700, ndipo tsegulani katoni pa shopu pomwepo muone ngati zitsulo zomangira za soketi imeneyo zilimo. Tengani rula muyeze bokosi lanu. NH-D15 ndi yotalika mamilimita 165, ndipo mabokosi ambiri otchipa satseka ikalowa. Onani ngati fani yakutsogolo sigunda RAM. Ndipo ngati makina anu ndi aja a m'maofesi, Dell OptiPlex kapena HP yaing'ono yopyapyala, dziwani kuti ambiri a iwo ali ndi mamangidwe awoawo, malo ndi ochepa, moti choziziritsira cha m'shopu nthawi zambiri sichilowa. Kwa makina oterewa, burashi, phala latsopano ndi fani yamoyo ndizo zonse zimene mungachite, ndipo kawirikawiri zimakwanira.

Za choziziritsira cha madzi, chija amati AIO, ndikudziwa kuti n'chimene chimakukopani. Chimagwiradi ntchito, makamaka cha radiyeta ya mamilimita 280 kapena 360 pa purosesa yokoka mawati opitirira 200. Koma walira mvula walira matope. Muli pampu yoyenda nthawi zonse, ndipo tsiku limene idzaime madigiri adzakwera m'kamphindi ngakhale mafani akuzungulira. Madzi ake amachepa pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndipo zambiri sizinapangidwe kuti muziwonjezera. Kudontha sikuchitika kawirikawiri, koma kukachitika kumagwera pa zipangizo zodula. Munthu wa ku London chikamufera amatumiza kwa ogulitsa, sabata yomweyo walandira china. Inu amene munachiitanitsa kudzera kwa m'bale wa ku Johannesburg mudzadikira nthawi yaitali bwanji, ntchito itaima? Ngati mwasankhabe cha madzi, sungani chakale chija m'kabati pamodzi ndi zomangira zake.

Musakopekenso ndi timagetsi tamitundumitundu tozungulira pa fani. N'tokongola, ndipo ngati mumatikonda ndi ndalama zanu, sindikuletsani. Koma sitichotsa digiri ngakhale imodzi. M'misika muli zoziziritsira zowala kwambiri zimene timapaipi take n'tochepa, kunsi kwake kosasalala, fani yake yolira pakangotha miyezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyamuleni m'manja mumve kulemera kwake, werengani timapaipi, tembenuzani muone kunsi, ndiye mufunse mtengo.

Ambiri a inu muli ndi laputopu, ndipo mukudabwa kuti nkhaniyi ikukukhudzani bwanji. Choziziritsira cha laputopu simungachisinthe ndi chachikulu, anachipangira thupi lomwelo. Koma zina zonse ndanenazi n'zanu. Laputopu zambiri zimakoka mpweya kunsi n'kutulutsira m'mbali kapena kumbuyo, ndiye mukaiika pa bedi, pa bulangeti kapena pa pilo mwaitseka mphuno. Ikhazikeni pa thabwa kapena pa tebulo, ndipo kuikweza pang'ono kumbuyo kumathandiza. Fumbi lake limasonkhana pakati pa fani ndi timalata tapotulukira mpweya, pamalo pamene simungaone osatsegula. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya wotuluka ndi wochepa, pamenepo patsekeka. Ipititseni kwa wokonza wodalirika aiyeretse n'kusintha phala. Kathabwa ka mafani koika pansi kamathandizako pang'ono, koma sikangachotse fumbi limene lili m'kati.

Mwina wina afunsa: nanga kutsitsa madigiri kuchoka pa 75 kufika pa 60 sikutalikitsa moyo wa purosesa? N'zoona kuti kutentha kumakalambitsa zipangizo zamagetsi, ndipo mapurosesa ena monga Ryzen amawonjezerako liwiro pang'ono akazizira. Koma liwiro lakelo ndi lochepa moti simungalizindikire ndi maso, ndipo purosesa yogwira ntchito m'kati mwa malire ake kawirikawiri imatha fasho isanafe. Pitani kwa okonza makompyuta mufunse chimene chimabwera chitafa. Akuuzani za power supply, motherboard, hard disk ndi machaja. Purosesa imakhala m'gulu la zomalizira. Zimene zimapha makina kwathu kuno ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima, mphenzi ya dzinja, mawaya olumikiza mwachisawawa ndi power supply yotchipa yosadziwika kumene inachokera.

Choncho ngati muli ndi ndalama m'thumba ndipo purosesa yanu sikugunda malire, ndalamazo zili ndi kopita kwabwino. Gulani chotetezera ku magetsi amphamvu, kapena UPS imene ingakupatseni mphindi zosungira ntchito magetsi akathima. Ngati Windows yanu idakali pa hard disk yozungulira, ikani SSD. Kusintha kumeneko mudzakumva tsiku lomwelo, kuyambira poyatsa. Ngati muli ndi RAM ya 4 GB kapena 8 GB ndipo mumakonza makanema, wonjezerani. Gulani disiki yachiwiri yosungirako ntchito za makasitomala, chifukwa choziziritsira chikafa mugula china, koma kanema wa ukwati wa anthu akatayika simungawauze kuti akwatiranenso. Kompyuta yochedwa nthawi zambiri imachedwa pa zifukwa zimenezi, kutentha kusanalowepo n'komwe.

Mawu apadera kwa inu amene mwatsegula mashopu okonza. Kasitomala akabwera ndi makina otentha, iye sadziwa kusiyana kwa fumbi ndi choziziritsira chochepa, akudalira inu. N'zosavuta kumugulitsa chitsulo chatsopano n'kudyapo phindu, pamene vuto linali loti mukanalithetsa ndi burashi. Musatero. Muonetseni madigiri musanayambe, muonetseni fumbi limene mwachotsa, muonetseninso madigiri mutamaliza, ndipo mulipiritseni ntchito ya manja anu mosachita manyazi, chifukwa kudziwa pamene pali vuto ndi luso loyenera malipiro. Tauni ndi yaing'ono, anthu amauzana. Amene mwamuuza zoona lero ndi amene adzakubweretsereni makompyuta a ku ofesi kwawo ndi a kusukulu kwa ana ake.

Ndiye chitani chonchi, ana anga. Chilimwe chikamayamba, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, tsegulani makina anu muwayeretse. Kutentha kukafika pachimake mu Okutobala, ayezeni pa ntchito yanu yeniyeni, ndipo lembani m'kope madigiri, liwiro ndi mmene chipinda chinalili, kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera. Ngati liwiro silikutsika ndipo phokoso silikukuvutani, tsekani pulogalamu yoyezerayo mubwerere ku ntchito. Ngati likutsika, tsatani ndondomeko: fumbi, phala, mpweya, BIOS. Zonsezi zikakanika, gulani choziziritsira cholingana ndi purosesa yanu ndi bokosi lanu, muchimange modekha, muyezenso kuti muone chimene ndalama zanu zagula. Mapurosesa adzasintha, masoketi adzasintha, mayina ndatchulawa adzaiwalika, koma amene wazolowera kuyeza asanagule sadzanamizidwa ndi wogulitsa aliyense, ndipo anzake adzayamba kubwera kwa iye kudzafunsa nzeru.